Ukaipa nkhope dziwa nyimbo? Zomwe munthu wamiyala wandikumbutsa



Lero ndikufuna tikambe za munthu wamiyala wa m'makomiki. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka, eti anthu akuluakulu ngati ife n'kumataya nthawi ndi mabuku azithunzi. Ndipirireni pang'ono. Nkhaniyi yakhala ikundisowetsa mtendere kwa masabata angapo, chifukwa ikukhudza bambo ena ake amene ndinawalakwira ndili mwana. Dzina lawo sinditchula.

Ben Grimm ndinamuona koyamba pa vidiyo shoo ya kwathu, mufilimu ya Fantastic Four ya 2005. Muli malo ena amene sindinawaiwale. Ben wangopulumutsa kumene anthu pa mlatho wa Brooklyn, khamu likuwomba m'manja. Kenaka pakubwera mkazi amene anamutomera asanasanduke. Akumuyang'ana, akuvula mphete ya chitomero, akuisiya pansi, n'kumapita. Ben akuwerama kuti aitole, koma zala zake zamiyala n'zazikulu kwambiri, mphete ikungoterereka. Tonse m'chipindamo tinafa nako kuseka. Ine ndi amene ndinaseka kwambiri. Panapita zaka ndisanazindikire kuti amene anakonza filimuyo sanaike malo amenewo kuti tiseke.

Kwa amene simukumudziwa, mbiri yake ndi iyi. Ben Grimm anatuluka koyamba mu 1961, m'buku loyamba la Fantastic Four la kampani ya Marvel, lolembedwa ndi Stan Lee ndi kujambulidwa ndi Jack Kirby. M'nkhanimo Ben ndi katswiri woyendetsa ndege, mnzake wa ku koleji wa wasayansi Reed Richards. Reed anapanga chombo chopita mumlengalenga ndipo ankafuna Ben akachiyendetse. Ben anakana, anachenjeza kuti chombocho chinalibe chitetezo chokwanira ku cheza choopsa cha kumwambako. Sue Storm, bwenzi la Reed, anamunena kuti ndi wamantha. Mawu amenewo anamupweteka, ndiye anavomera. Anapita anayi, kuphatikizapo Johnny, mlongo wake wa Sue. Cheza chija chinawapeza monga momwe Ben ananenera.

Tsono taonani momwe zinagawikira. Reed anapeza thupi lotamuka ngati mpira wa legeni. Sue anatha kumazimiririka osaoneka. Johnny anatha kumayaka moto n'kumauluka. Atatu onsewa akamaliza ntchito ankabwerera mwakale, n'kukwera basi kapena kulowa m'sitolo popanda wowacheukira. Ben yekha, amene anachenjeza uja, ndi amene thupi lake linasanduka miyala yalalanje yosachoka. Anapeza mphamvu zonyamula galimoto ndi dzanja limodzi, koma anataya nkhope yake. Dzina limene anayamba kudziwika nalo ndi The Thing, m'chinenero chathu tingoti Chinthu. Tangoganizani kuchoka pa dzina limene anakupatsani makolo kufika potchedwa Chinthu.

Jack Kirby sanaitole patali nkhani imeneyi. Iye anabadwa mu 1917 dzina lake lili Jacob Kurtzberg, mwana wa Ayuda osauka amene anasamukira ku New York, ndipo anakulira ku Lower East Side kumene anyamata ankamenyana m'magulu a m'misewu. Ben nayenso anamuika kuti anakulira dera lomwelo, mumsewu wopeka wotchedwa Yancy, ndipo mchimwene wake anaphedwa pa ndewu za magulu omwewo. Kirby ankanena yekha kuti Ben ndi iyeyo, kalankhulidwe, kupsa mtima, zonse. N'chifukwa chake munthu wamiyalayu amamveka ngati munthu weniweni kuposa anzake okongola aja. Amadandaula, amatukwana, amaphwanya mipando, amamukumbutsa Reed kuti ndi iye anamupweteketsa. Koma mzinda ukakhala pangozi, amakhala woyamba kuimirira kutsogolo, kuteteza anthu omwewo amene dzulo ankathawa atamuona.

Pali buku limodzi limene okonda makomiki ambiri amalitama kuposa ena, nambala 51, la 1966, mutu wake "This Man... This Monster!" Likuyamba Ben ali chiimire pamvula usiku, atataya mtima, akuganiza kuti ngakhale bwenzi lake lamutaya. Munthu wina wachilendo akumuitanira m'nyumba, akumupatsa khofi. M'khofimo munali mankhwala ogonetsa. Munthuyo anali wasayansi amene dzina lake silinatchulidwe n'komwe m'bukumo, ndipo nsanje inali itamudya. Ankakhulupirira kuti iye ndi wanzeru ngati Reed Richards, koma Reed ndiye ankatchuka. Ben ali m'tulo, anagwiritsa ntchito makina ake kumulanda thupi lamiyala lija. Iye anasanduka Chinthu, Ben anadzuka ali munthu wamba.

Wonyengayo analowa ku likulu la gululo ndi cholinga chopha Reed. Ben weniweni atathamangira komweko kukachenjeza, Reed ndi Sue sanamukhulupirire. Anakhulupirira wamiyala uja chifukwa anapinda chitsulo pamaso pawo. Apa ine pamandiwawa. Reed, munthu wanzeru kuposa onse m'nkhanimo, amene anagona chipinda chimodzi ndi Ben ku koleji, analephera kumuzindikira mnzake. Nayenso ankaona khungu basi.

Tsiku lomwelo Reed ankayesa kulowa m'dziko lina loopsa lotchedwa Negative Zone. Anadzimanga chingwe, mbali inayo n'kumupatsa amene ankamuyesa Ben, n'kumuuza kuti akamva chikukokedwa amubweze msanga. Mwayi wopha unali utapezeka wokha. Sankafunika kuchita kanthu, kungoima n'kumayang'ana. Reed atakoka chingwe, munthu uja anazengereza. Koma ali chiimire choncho anayamba kuona chinthu chimene nsanje inamubisira zaka zonse: Reed ankaika moyo wake pachiswe popanda atolankhani, popanda womuwombera m'manja, ndipo anapereka chingwe cha moyo wake m'manja mwa mnzake mosakayika. Pamene ankati akoke, nthawi inali itatha, chingwe chinaduka. Munthu uja anathera m'dziko loopsalo limodzi ndi Reed. Ndi mphamvu zomwe anaba zija anamunyamula Reed n'kumuponyera kunja, iye n'kutsala komweko kudikira imfa.

Nthawi yomweyo Ben anali pakhomo pa bwenzi lake, atakweza dzanja lanyama kuti agogode, kuti kamodzi kokha afike kwa iye ali munthu. Wonyenga uja atafa, miyala ija inabwerera kwa mwini wake. Dzanja linasanduka lisanagunde chitseko.

Funso la mutu wa bukulo aliyense amaliona: munthu ndi uti, chilombo ndi chiti? Yankho losavuta tonse timalidziwa kuyambira kusukulu ya pulayimale. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Wokongola atha kukhala woipa mtima, woipa nkhope atha kukhala wabwino. Bukulo likuwonjezerapo kanthu kena kamene ndimakakonda. Wasayansi uja anapeza mphamvu zonse za Ben, koma mphamvuzo sizinamupange ngwazi. Anakhala nazo tsiku lonse ali chigawenga. Ungwazi unabwera pa mphindi imene anaona zabwino mwa munthu amene ankadana naye, n'kuvomera kuti analakwa, n'kulipira mtengo wake. Ndiye ngati mukundifunsa kuti ungwazi wa Ben uli pati, ine ndinganene kuti suli m'zibakera zake. Uli poti m'mawa uliwonse amadzuka ali ndi zifukwa zomveka zodera dziko lonse, koma amasankhabe kulitumikira. Amene sanasekedwepo pamsewu sangadziwe kulemera kwa chisankho chimenecho.

Mpaka apa zonse zikukoma. Koma pali chimene chakhala chikundivuta, ndipo ndi chimene chandichititsa kulemba.

Timamukonda Ben chifukwa chiyani? Tinene zoona. Timamukonda chifukwa amapulumutsa mzinda. Olemba amationetsa nkhope yoopsa, kenaka amatipatsa chifukwa choikhululukira. Zili ngati chifundo chathu ndi katundu wa pamsika, ndipo Ben wagula ndi ungwazi wake. Makolo athu anali ndi mwambi wake: ukaipa nkhope dziwa nyimbo. Mwambiwu uli ndi nzeru yake, umalimbikitsa munthu kuti asagone, apeze luso. Koma tautembenuzani muone kuseri kwake. Ukunena kuti wokongola atha kungokhala phee pabwalo n'kulandiridwa, pamene woipa nkhope ayenera kulipira malo ake ndi nyimbo. Nanga amene waipa nkhope, nyimbonso sadziwa? Nanga Ben akanasanduka miyala koma mphamvu osapeza, akanangokhala munthu woopsa nkhope wosatha kunyamula ngakhale thumba la chimanga, tikanagula buku lake?

Kwathu kunali bambo ena amene mbali imodzi ya nkhope yawo inapsa ndi moto. Anali ndi matenda a khunyu, ndipo tsiku lina anagwera pamoto ali okha. Khungu linakokana kuyambira pachipumi mpaka pakhosi, diso limodzi silinkatseka bwino, mlomo unapotoka. Ankakankha wilibala yamadzi kugulitsa m'makomo. Ife ana tinkawatcha Chilombo. Tinkawaimbira nyimbo tili patali, akacheuka ife liwiro. Akuluakulu ankatiuza kuti tisawayandikire, eti khunyu amapatsirana. Lero tikudziwa kuti limenelo ndi bodza, khunyu ndi vuto la mu ubongo, sungalitenge pogwirana chanza kapena kudyera mbale imodzi. Koma nthawi imeneyo tinkakhulupirira. Ngakhale kumzikiti, kumene timaima phewa ndi phewa, pambali pawo pankatsala kampata. Palibe ankanena kanthu. Kampatako kankangotsala.

Tsiku lina ndili ndi zaka 10, anzanga akundichemerera, ndinatola mwala n'kuwagenda. Unawapeza paphewa. Anaima, anaika wilibala pansi, anandiyang'ana. Sanatukwane, sanandithamangitse. Anangonyamulanso wilibala yawo n'kumapita. Usiku umenewo ndinali ngwazi pakati pa anzanga. Ndipo ine yemweyo, mwina mwezi womwewo, ndinkatuluka mu vidiyo shoo ndikutengera kayendedwe ka Ben Grimm, ndikunena kuti ndi amene ndimamukonda kuposa onse.

Ikanakhala komiki, apa pakanabwera chigumula. Bambo aja akanalumphira m'madzi n'kundipulumutsa, mudzi wonse n'kuchita manyazi. Sizinatero. Sanapulumutse aliyense. Analibe mphamvu zachilendo, sankadziwa nyimbo iliyonse. Ankangogulitsa madzi. Ndiye funso langa kwa inu ndi ili: kodi mwala wanga unali wolakwika pang'ono chifukwa choti sanali ngwazi? Aliyense akudziwa yankho. Ulemu wawo sunkadikira kuti achite chodabwitsa. Anali nawo kale chifukwa ndi munthu, wolengedwa ndi Mlengi yemweyo amene anaumba nkhope yanga yosapsayi, imene sindinaigwirire ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Apa ndi pamene ndikuona kuti nkhani za zilombo zabwino mtima zili ndi msampha. Zimatiphunzitsa kuti tisaweruze msanga chifukwa mwina munthuyo ndi ngwazi yobisika. Ndi phunziro labwino, koma latheka. Likusiya khomo lotseguka loti tikafufuza n'kupeza kuti si ngwazi, tili ndi ufulu wobwerera ku miyala yathu. Chifundo chodikira umboni chimafanana ndi ngongole ya katapila, umapereka ukuwerengera zomwe ubweze.

Koma ndisamunamizire Kirby ndi mnzake Lee, chifukwa m'nkhani yomweyo anaikamo munthu amene amatseka khomo limeneli. Ndi Alicia Masters, bwenzi la Ben lija, amene anatuluka koyamba mu 1962 m'buku nambala 8. Alicia ndi wosaona, ndipo ntchito yake ndi youmba ziboliboli. Anthu ambiri amafulumira kunena kuti anamukonda Ben chifukwa sankamuona. Ine ndikukana. Munthu woumba ziboliboli amadziwa nkhope ndi zala zake kuposa momwe ife timaidziwira ndi maso. Alicia anagwira nkhope ya Ben, anamva mng'alu uliwonse, anadziwa bwino lomwe kuti akukhudza chiyani. Kusiyana kwake ndi khamu la pamsewu n'koti iye anayandikira mpaka kukhudza, pamene ena onse ankaweruza ali patali. Ndipo chimene anapeza atakhudza sichinali mphamvu. Anapeza munthu wofatsa, wopwetekedwa mtima. Anamukonda asanawerenge kuti wapulumutsa angati. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Awiriwa olemba anawachedwetsa zaka zoposa 50, anadzakwatirana m'buku la mu 2018.

Ben mwini wake zinkamuvuta kukhulupirira chikondi chimenecho. Nthawi zina ankaopa kuti Alicia akungomumvera chisoni. Nthawi zina ankaopa zosiyana, kuti akadzabwerera kukhala munthu wamba, Alicia sadzamufunanso. Apa olemba ananena zoona zimene ambiri sitiziganizira. Ukamuseka munthu kwa zaka, bala lake silithera pa tsiku limene wasiya kuseka. Amafika poyamba kudziona ndi maso ako. Ngakhale wina abwere ndi mtima woyera, iye amafufuza kuti msampha uli pati. Kuwononga kumeneku n'kwakukulu kuposa bala la paphewa.

Pali kanthu kenanso kamene ndikuganiza kuti ife tikamva msanga. Kwa zaka pafupifupi 40 mabuku sanatchule chipembedzo cha Ben. Mu 2002 ndi pamene nkhani ina inanena poyera kuti ndi Myuda, ngati Kirby amene anamujambula. M'nkhaniyo anabwerera ku msewu wa Yancy kukabweza kanthu kamene anaba ali mnyamata kwa mkulu wina wa sitolo. Mkuluyo atamufunsa chifukwa chimene sankanenera za mtundu wake, Ben anafotokoza kuti sankachita nawo manyazi, koma ankaopa kuti anthu akaona nkhope yake adzayamba kuganiza kuti anthu a mtundu wake onse ndi zilombo. Mlongo amene wavalapo hijabu pamalo pamene ali yekha, kapena m'bale amene anamvapo maso akumulasa nkhani yoipa itatuluka pa wailesi yokhudza munthu wa dzina longa lake, akudziwa katundu ameneyu. Umayenda ngati wasenza mbiri ya anthu mamiliyoni pamutu, ukuopa kupunthwa. Ndiye ngati ife tikudziwa kuwawa koweruzidwa tili patali, tilibe chowiringula tikamachitira ena zomwezo. Ine ndinalibe.

Chaka chatha ndinapita kwathu. Ndinafunsa za bambo aja, anandiuza kuti alipo, koma wilibala anasiya, msana unakana. Ndinazengereza masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinagula shuga ndi sopo n'kupita. Ndinawapeza atakhala pamkeka pakhonde. Ndinapereka salamu, ndinagwada, ndinawapatsa moni wa manja awiri. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kukhudza dzanja lawo.

Anandifunsa kuti, "Ndiwe mwana wa yani iwe?"

Nditatchula dzina la bambo anga, anakhala chete pang'ono, kenaka anaseka ndi mbali ya mlomo imene imatha kuseka.

"Ooh, ndiwe uja wa dzanja lolunjika."

Abale, ndinkaganiza kuti anaiwala. Ana amene ankawagenda tinali ambiri. Koma ankakumbukira nkhope, ankakumbukira ndi phewa lomwe. Ndinati, "Bambo, ndinakulakwirani kwambiri. Ndabwera kudzapempha kuti mundikhululukire."

Anati, "Unali mwana. Khala pansi bwinobwino, usagwade choncho." Kenaka anaitana mdzukulu wawo kuti abweretse madzi akumwa. Anamwa iwo, n'kundipatsira kapu yomweyo, akundiyang'ana. Ndinamwa.

Sindikufuna kuwasandutsa ngwazi pano kuti nkhani yanga ikome, chifukwa ndikatero ndagweranso mumsampha womwe uja. Mwina anandikhululukira ndi mtima wonse, mwina anangotopa ndi kusunga mkwiyo. Mwina usiku umenewo anakumbukira zaka zonse zija n'kupsanso mtima, ndipo akanakhala ndi ufulu wotero. Akanandithamangitsa pakhomopo, ngongole yanga kwa iwo ikanakhala yomweyo. Chimene ndikudziwa n'choti kwa zaka zoposa 20 anakankha wilibala m'njira za anthu amene ankawatcha Chilombo, n'kumawabweretsera madzi. Ben Grimm ali ndi mabuku mazanamazana ndi mafilimu. Iwo alibe ngakhale chithunzi chimodzi pakhoma.

Makomiki sindinasiye kuwakonda. Buku la 1966 lija ndimalibwerezabe, ndipo dzanja lija likamasanduka pachitseko pamandigwirabe pakhosi. Koma tsopano ndimadzifunsa kuti misozi imene ndimakhetsera munthu wojambulidwa ikupita kuti. Kumumvera chisoni Ben n'kosavuta. Sanunkha thukuta, sapempha kanthu, sakhala pafupi nane mu minibasi, ndipo ndikatopa naye ndimangotseka buku. Mayeso enieni ali pa munthu amene ali ndi zipsera, kapena amene amayankhula yekha pamsika, kapena mnzathu wa m'kalasi amene tinamupatsa dzina lachipongwe mpaka dzina lake lenileni tinaliiwala, kapena amene chithunzi chake chikuzungulira m'magulu a WhatsApp anthu akuseka maonekedwe ake. Masiku ano mwala sitichita kutola pansi, uli m'manja mwathu kale, timangodina.

Pempho langa ndi laling'ono. Sabata ino ganizirani munthu mmodzi amene kwanuko kapena kusukulu kwanu anthu amamusiyira kampata. Musadikire kuti aonetse luso, musafufuze ngati ali ndi nyimbo. Funsani dzina lake lenileni, mumuitane nalo. Pamzere mukaime pambali pake mpaka mapewa agundane. Ndipo ngati muli ndi mwala wanu umene munaponya kalekale, mwini phewa akadali moyo, pitani. Ine ndinachedwa zaka zambiri, Alhamdulillah ndinawapeza alipo. Si onse adzapeze mwayi umenewo.

Wassalamu alaikum.